Ku Bara, Kumene Mwana wa ku Mavambe Anaphunzira Kumvetsera

Msewu wa Chris Hani, umene akuluakulu amautchulabe kuti Old Potch, umalowa mu Soweto kudzera ku Diepkloof, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera pakati pa mzinda wa Johannesburg. Mlendo wokwera minibasi amadziwa kuti wayandikira akaona patsogolo nsanja ziwiri zikuluzikulu za ku Orlando, zotsalira za malo opangira magetsi amene anatsekedwa mu 1998. Asanazifike nsanjazo amatsika pa depoti ya Bara, pamene mahutala salekeza kulira kuyambira mbandakucha. Amayi amagulitsa mandasi otchedwa magwinya, ena akuwotcha zipalapasiro, ena ayala nthochi ndi malalanje poyembekeza anthu okazonda matenda. Pa mlatho wa oyenda pansi pamadutsa anamwino ovala zoyera, agogo a ndodo, ndi achinyamata onyamula zakudya za abale awo. Onsewo akulowera tsidya lina la msewu, ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath.

Chipatalachi n'chachikulu ngati mudzi. Chili ndi mabedi oposa 3,000, ndipo chimawerengedwa pakati pa zipatala zikuluzikulu pa dziko lonse. Mawodi ake akale ndi nyumba zazitali zopanda nsanjika, zondandalikana ngati za asilikali, zolumikizidwa ndi makonde ofolera. Maonekedwe amenewa sanabwere mwangozi. Malowa anatsegulidwa mu 1942 kuti azisamalira asilikali ovulala ndi odwala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anatenga dzina la John Albert Baragwanath, mzungu wa ku Cornwall amene kale anali ndi nyumba ya alendo chapafupi. Mu 1948 boma linasamutsirako odwala achikuda a mu Johannesburg. Dzina la Chris Hani linawonjezedwa mu 1997, patapita zaka zinayi mtsogoleriyo ataphedwa.

M'makonde amenewa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, munkayenda mnyamata wina wovala khoti loyera amene sankabaya jakisoni kapena kulemba mankhwala. Anali a Noel Chabani Manganyi, amene amadziwika kuti ndi munthu wakuda woyamba ku South Africa kukhala katswiri wa saikoloji wogwira ntchito ndi odwala. Anabadwa mu 1940 m'mudzi wa Mavambe, kumpoto kwa dzikolo, m'dera limene lero ndi chigawo cha Limpopo, pakati pa anthu olankhula Chitsonga. Anaphunzira ku Turfloop, koleji imene boma latsankho linamangira mitundu ya anthu akuda ya kumpoto, kenaka anapitiriza ndi yunivesite ya UNISA, imene imaphunzitsa munthu ali kwawo.

Ntchito imeneyi anthu ambiri amaisokoneza ndi ya dokotala wa misala. Dokotala wa misala anaphunzira zachipatala, amapima thupi ndipo amalemba mankhwala. Katswiri wa saikoloji zida zake ndi mafunso, mayeso oona mmene munthu akuganizira ndi kukumbukirira zinthu, ndiponso kukambirana kobwerezabwereza kumene kumathandiza wodwala kumasula mtolo wa mumtima mwake. Lusoli siliphunziridwa m'buku mokha. Wophunzira ayenera kukhala m'chipatala pansi pa akatswiri, akuona odwala enieni. Apa ndi pamene panali vuto la a Manganyi. Chipatala chotchuka cha matenda a m'maganizo mu Johannesburg, cha Tara, chinali cha azungu. Ngakhale akatswiri a saikolojiwo anali atagawikana, pakuti mu 1962 ena a iwo anakhazikitsa bungwe lawolawo la azungu okhaokha pokana kukhala pamodzi ndi anthu akuda. N'zomvetsa chisoni, koma zosadabwitsa, kuti Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu imene inalimbitsa ulamuliro wa apartheid, anayamba wakhala pulofesa wa saikoloji ku Stellenbosch.

Malo amene anapezeka anali ku Bara, m'gawo lochita maopaleshoni a ubongo ndi msana, limene linkatsogoleredwa ndi Pulofesa Robert Lipschitz. Ena akanati mnyamatayo anamuponya pamalo olakwika. Zimene zinatsatira zikusonyeza kuti anagwera pa nthaka yachonde.

Gawo limeneli linkalandira anthu ovulala m'mutu ndi pamsana. Soweto wa nthawi imeneyo anali malo a umphawi, a mahositelo odzaza amuna osiya mabanja kumudzi, ndi a zigawenga zoyenda ndi mipeni. Madokotala a ku Bara anafika podziwika kunja chifukwa cha kuchuluka kwa anthu obayidwa pamsana amene ankawathandiza. Mpeni ukadula mtsempha waukulu wa mu fupa la msana, uthenga wochokera ku ubongo sufikanso kumiyendo. Bala lapakhungu limapola m'masabata owerengeka, koma mwamuna amene dzulo ankanyamula matumba a simenti lero sangathe kuima, kapena kudziletsa mkodzo. Dokotala wa opaleshoni akamaliza mbali yake, pamatsala funso limene mpeni wake sungayankhe: munthuyu adzadziona bwanji kuyambira lero?

Funso limeneli ndilo a Manganyi analisandutsa kafukufuku wa digiri yawo ya udokotala, imene analandira mu 1970. Anafufuza za chithunzi cha thupi mwa anthu opuwala miyendo. Munthu aliyense amayenda ndi chithunzi cha thupi lake m'maganizo: amadziwa pamene dzanja lake lathera, amadziwa mphamvu zake, ndipo amadziwa mmene ena amamuonera. Thupi likasintha mwadzidzidzi, chithunzicho chimatsalira m'mbuyo. Wodwala amalota akuthamanga, n'kudzuka miyendo ili chete. Ena amakwiya ndi aliyense wowayandikira, ena amasiya kudya ndi kuyankhula, ndipo ena amakana kuphunzira njinga ya olumala chifukwa kuikwera kuli ngati kuvomereza. Achibale amati munthuyo wayamba mwano kapena ulesi, pamene iye akulira maliro a thupi lake lakale. Wogwira ntchito zachitukuko amene anachezerapo mlimi wodulidwa mwendo, kapena bambo wofa ziwalo mbali imodzi, angazindikire msanga zimenezi, ngakhale sanamvepo dzina lake la m'mabuku.

Panalinso odwala a mtundu wina, amene a Manganyi analembapo za iwo m'magazini ya madokotala. Awa ankabwera miyendo itafa kapena mawu atatsekeka, koma powapima bala silinkapezeka. Sankanamizira ayi. Nkhawa kapena mantha osaneneka pakamwa amatha kutulukira m'thupi. Kuti zidziwike, pamafunika wina wokhala pansi n'kufunsa za kunyumba, za kuntchito, za amene anamwalira. Mu chipatala chimene madokotala ambiri anali azungu, ndipo namwino wotanganidwa ndiye ankamasulira, nkhani zotere zinkatayika panjira. Chinsinsi cha m'banja sichidutsa bwino pakamwa pa munthu wachitatu.

Kuchokera m'mawodi amenewa, maganizo a a Manganyi anatulukira kunja kwa mpanda. Ngati mpeni ungasinthe mmene munthu amaonera thupi lake, nanga malamulo amene amamuuza tsiku ndi tsiku kuti khungu lake ndi chilema? Nanga chitupa chimene ayenera kuonetsa wapolisi aliyense, ndi benchi imene saloledwa kukhalapo? Buku lawo la 1973, lotchedwa Being-Black-in-the-World, linakamba zimenezi pa nthawi imene Steve Biko ndi anzake ankalimbikitsa anthu akuda kudzilemekeza. Linatsutsa chizolowezi cha akatswiri ena chofotokoza mavuto a Mwafirika ngati chibadwa chake, osayang'ana moyo umene anakakamizidwa kukhala. Kumeneku ndiye kunali kulimba mtima kwa bukulo, ndipo n'chifukwa chake ophunzira akuliwerengabe.

M'chaka chomwecho ananyamuka ku Soweto kupita ku yunivesite ya Yale ku America, kumene anakhala mpaka 1975. Ali kutali choncho anayamba kufufuza mkwiyo wa mumtima mwawo momwe, ndipo zolemba zake zinatuluka mu 1977 m'buku la Mashangu's Reverie. Atabwerera kwawo, ntchito ya uphunzitsi inapezeka kutali ndi Johannesburg, ku Umtata, tauni imene lero imalembedwa Mthatha, pakati pa mapiri a udzu ndi midzi ya nyumba zozungulira za Axhosa. Mu 1976 anakhazikitsa kumeneko gawo la saikoloji pa yunivesite yatsopano ya Transkei. Malowo anali ovuta kuwayamikira, chifukwa Transkei linali limodzi mwa timayiko tabodza timene boma latsankho linapanga pofuna kulanda anthu akuda unzika wawo. Komabe ana a alimi ndi a anthu ogwira ntchito m'migodi ankafuna maphunziro, ndipo kwa ambiri a iwo kanali koyamba kuona munthu wakuda akuphunzitsa za maganizo a munthu monga mwini nkhani.

Mu 1981 anabwerera ku Johannesburg kukachita kafukufuku pa yunivesite ya Witwatersrand, uku akuonanso odwala. Zaka zimenezo Soweto ndi malokeshoni ena anali pamoto, ndipo ntchito yawo inawafikitsa m'chipinda china chosiyana ndi wodi: bwalo la milandu. Lamulo la nthawiyo linkati wopezeka ndi mlandu wakupha anyongedwe, pokhapokha patapezeka zifukwa zochepetsa kulakwa kwake. Achinyamata ambiri ankaimbidwa milandu ya imfa zochitika pakati pa chigulu cha anthu okwiya, ndipo makhoti ankatha kugamula kuti aliyense amene anali ndi cholinga chimodzi ndi gululo ndi wolakwa, ngakhale dzanja lake silinaphe. Mu 1987 mokha anthu 164 ananyongedwa ku ndende ya Pretoria. A Manganyi ankapita kundende kukacheza ndi oimbidwa milandu, kumva mbiri ya moyo wawo kuyambira ubwana, kenaka n'kuima pamaso pa woweruza kufotokoza mmene chigulu chimasinthira maganizo a munthu, ndi mmene zaka za mantha ndi kunyozedwa zimamuumbira. Sankanena kuti kupha n'kwabwino. Ankafuna kuti woweruza aone munthu wathunthu asanalembe chigamulo. Luso lake linali lomwe lija la pambali pa bedi ku Bara, koma tsopano moyo wa munthu unkadalira mmene nkhani yake yamvekera. Zimene anaona m'makhoti anazilemba m'buku la 1990 limene anakonza pamodzi ndi André du Toit. Chilango cha imfa chinathetsedwa ku South Africa mu 1995.

Maudindo akuluakulu anabwera pambuyo pake. Anatsogolera yunivesite ya ku Turfloop kumene anaphunzira, ndipo kuyambira 1994 mpaka 1999 anali mkulu wa ogwira ntchito mu unduna wa maphunziro m'boma la Nelson Mandela, pa nthawi yophatikiza maunduna ambirimbiri ogawidwa potsata khungu kuti akhale umodzi. Kenaka anagwira ntchito pa yunivesite ya Pretoria. M'zaka zonsezi sanaleke kulemba mbiri za anthu: ya mlembi Es'kia Mphahlele, ndi za ojambula Gerard Sekoto ndi Dumile Feni, onse atatu anthu amene anakhalapo m'mayiko achilendo pothawa tsankho. Mbiri ya moyo wawo anaitulutsa mu 2016, ndipo anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 84.

Lero Bara ndi chimodzi mwa zipatala zophunzitsira za yunivesite ya Witwatersrand, ndipo chili ndi mawodi a matenda a m'maganizo pamodzi ndi akatswiri a saikoloji a mitundu yonse. Wofuna ntchitoyi amadutsa njira yaitali: digiri yoyamba, chaka china chowonjezera, digiri yachiwiri imene malo ake ndi ochepa kwambiri, chaka chimodzi chophunzira m'chipatala, ndi chaka chinanso chotumikira kumene boma lamutuma. Khomo limene linali lotseka linatseguka. Koma chigawo chomwechi cha Gauteng ndi chimene chinaona tsoka la Life Esidimeni mu 2016, pamene boma la chigawocho, pofuna kuchepetsa ndalama, linasamutsa odwala maganizo oposa 1,000 kupita kumalo osayenera, ambiri opanda ziphaso zovomerezeka. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala ndi ludzu. Mabanja ena anafufuza kwa miyezi asanadziwe kumene abale awo anapititsidwa. Mu 2018 woweruza wopuma Dikgang Moseneke analamula boma kulipira chipepeso cha ndalama zoposa 1 miliyoni randi ku banja lililonse limene linadandaula.

Ndipo wodwala wotuluka pa chipata cha Bara sathera pa depoti. Ambiri amakwera mabasi a ku Limpopo, ku KwaZulu-Natal kapena ku Eastern Cape, ndipo ena amawoloka malire pa Beitbridge kubwerera ku Zimbabwe ndi ku Malawi, kumene anachoka ali amphamvu kukafuna ntchito ku Joni. Akatswiri a saikoloji ambiri a ku South Africa amagwira ntchito m'mizinda, ndipo ochuluka amaona odwala olipira okha. Kumudzi, mwamuna wobwera pa njinga ya olumala amalandiridwa ndi mkazi wake, mfumu, abusa, ndi mlangizi wa zaumoyo amene amayenda wapansi ndi kaundula m'manja. Mlangiziyo amayang'ana zilonda za pamsana ndi kuwerenga mapiritsi otsala. Nthawi zambiri ndi iye yekha wochokera kuchipatala amene angakhale pa mkeka n'kufunsa, m'chinenero cha wodwalayo, ngati akugona tulo usiku, ngati anzake amabwerabe kudzacheza, ndiponso amene akulima munda wake chaka chino.