Voice note ya injini ya madala

Anthu akwathu, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene muli pa thandala kutembenuza usipa, isungeni muwerenge madzulo. Koma iwe amene ukuchita za mechanical kapena za magalimoto ku technical, ngakhalenso iwe wa Form 4 amene Physics imakukomera, iyi ndi yako aise, ufike nayo pansi.

Mwezi wa June madala anandiimbira kuchokera kwathu ku Msaka, ine ndili kusukulu ku Blantyre. Madala saimba foni kuti angopereka moni, ndiye nditangoona nambala ndinadziwiratu kuti kwachitika kanthu. Nkhani inali injini yathu ya 15, two-stroke ija yomwe yatilipirira sukulu tonse m'nyumba mwathu. Pulopela yake inagunda mwala n'kuthyoka phiko, iwo n'kugula ina yogwirapo kale ntchito. Kuyambira pamenepo boti likadzadza, chilimira, mabwato a magetsi ndi alovi onse, injini siimafikanso pa kulira kwake kuja. Imangong'ung'udza, petulo n'kumapita. Makaniko anaimvetsera n'kunena kuti yatha mkati, ikufunika pisitoni ndi ma ring atsopano. Alovi nawo akuti eya, yakalamba. Ndalama yoti agulire zimenezo inali yomwe ija anasungira fizi yanga ya semester yachiwiri.

"Ine ndikuona ngati ikungolemedwa," anatero madala. "Koma iwe ndi amene ukuphunzira zimenezi. Ukuti bwanji?"

Ndinangoti, "Bambo, mundipatse masiku atatu." Kunena zoona ndinalibe yankho. Ma formula ndinali nawo ambiri m'kope, koma palibe ndi imodzi yomwe imene ndinayamba ndaiyesapo pa chitsulo chenicheni.

M'kalasi anali atationetsako mapulogalamu oyeserera makina pa kompyuta. Mmene amagwirira ntchito ndi chonchi: m'malo molemba masamu mzere ndi mzere, umatenga tizithunzi ta ziwalo za makina, shafiti, giya, sipulingi, n'kutilumikiza ndi mouse monga zilili pa makina enieniwo. Kompyuta imapanga yokha ma equation, imawawerengera kachigawo ka sekondi kalikonse, kenako imakuonetsa gilafu ya mmene makinawo achitire ukawayatsa. Yotchuka kwambiri ndi Simulink ya kampani ya MathWorks, koma laisensi yake ndi yogula. Zaulere zilipo: Xcos yomwe imabwera mkati mwa Scilab, komanso OpenModelica yomwe inayambira ku yunivesite ya Linköping ku Sweden.

Ine ndinasankha OpenModelica, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mu Simulink wamba mabokosi amapatsirana manambala potsata mivi, ndiye uyenera kuyamba wadziwa equation yako, iwe n'kuijambula. Mu OpenModelica umalumikiza ziwalo zenizenizo, shafiti ku giya, giya ku pulopela, popanda muvi wonena kuti mphamvu ikulowera kuti. Kwa munthu amene anakula akugwirira madala sipanala pomasula gearbox pa mchenga, njira imeneyi imalowa m'mutu msanga.

Chenjezo pa bundle: file yoikira pa Windows imaposa 1 GB. Osayerekeza pa data ya foni. Ine ndinakopera kwa mnzanga pa fulashi. Pafoni siigwira, imafuna kompyuta, koma laputopu yanga yokalamba ija, ya batire yosasunga moto, inakwanitsa.

Ukatsegula OMEdit, yomwe ndi mbali yojambulira, kumanzere kumakhala mndandanda wa ma library. Tsiku loyamba ndinataya nthawi yambiri mu MultiBody, kumene kuli zitsanzo za 3D, ka pendulum kakugwedezeka pa screen ngati filimu. Zokoma kuonera, koma pa vuto la madala sizinandithandize kanthu. Kumene ndimayenera kuyambira ndi Modelica, Mechanics, Rotational, gawo la zinthu zozungulira. Mulinso chitsanzo chotchedwa First. Chitsegule, uchiyendetse osasintha kalikonse, kuti udziwe kaye kuti kompyuta yako ili bho. Ikakhala chete kwa kanthawi usadandaule, imayamba yasandutsa chojambula chako kukhala pulogalamu ya C isanayambe kuwerengera.

Tsiku lachiwiri ndinajambula injini yathu. Mabokosi asanu basi, mondondozana. Loyamba ConstantTorque, kuimira mphamvu yopotokola imene injini imatulutsa. Lachiwiri Inertia, kuimira kulemera kwa flywheel ndi crank pozungulira. Lachitatu IdealGear, magiya apansi paja. Lachinayi Inertia ina, ya pulopela. Lomaliza lili ndi dzina lalitali, QuadraticSpeedDependentTorque, ndipo ilo ndiye nyanja. Madzi amakana pulopela, ndipo kukana kwake kumakula mofulumira kuposa liwiro: ukawirikiza liwiro kawiri, madzi amakana kanayi. Aliyense amene anapalasapo bwato akudziwa zimenezi m'mapewa mwake.

Kujambula kunanditengera mphindi khumi. Manambala oika m'mabokosimo ndi amene anandidyera usiku wonse, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni.

Buku la injini limati 15 horsepower ndi pafupifupi 11 kW, ndipo pa full throttle injini iyenera kuzungulira pakati pa 4500 ndi 5500 rpm. Ndinatenga pakatikati, 5000. Pulogalamuyi imawerengera liwiro mu rad/s, ndiye 5000 rpm imakhala 524. Ukagawa 11,000 ndi 524 umapeza torque ya 21 Nm. Magiya ndi 2.08, kutanthauza kuti injini ikazungulira kawiri ndi kanthu pang'ono, pulopela yazungulira kamodzi. Choncho kumbali ya pulopela liwiro ndi 252 ndipo torque ndi pafupifupi 44. Za Inertia ndinangoyerekeza, popeza ndinalibe poyezera flywheel. Ndinada nazo nkhawa mpaka nditayesa kusintha nambalayo kangapo, ndipo ndinaona kuti imangosintha nthawi imene injini imatenga kuti ifike pa liwiro lake, pomwe liwiro lomalizalo silisuntha. Funso langa linali la liwiro lomaliza, ndiye ndinaisiya choncho.

Ndinadina Simulate, mzere n'kukwera kumwamba osabwerera mpaka pulogalamu inaima ndi mawu ofiira. Ndinakhala ola lathunthu ndikuganiza kuti laputopu yafa. Vuto linali kachizindikiro kamodzi. Pa bokosi la madzi ndinalemba 44 m'malo mwa -44. Ndinali nditauza kompyuta kuti nyanja ikuthandiza kukankha pulopela, ndipo iyo inavomera popanda kufunsa. Mlovi aliyense akanandiseka.

Nditakonza, mzere unadukira panjira ukadakwerabe, chifukwa pulogalamuyi ukapanda kuiuza imayendetsa sekondi imodzi yokha. Ndinapita ku Simulation Setup n'kuika Stop Time pa 10. Tsopano mzere unakwera bwino n'kukhazikika cha pa 520. Mtima unagunda, ndimvekere injini ya 520 rpm ndiye yaferatu. Kenako ndinakumbukira kuti ndi rad/s. Chulukitsa ndi 9.55, ubwerera pa 5000. Zolakwa zitatu usiku umodzi, ndipo zonse zinali zanga.

Apa ndinali ndi injini yabwinobwino pa screen. Chimene ndinalibe ndi nambala ya injini yodwalayo, popeza kwathu palibe amene ali ndi choyezera rpm. Ndinagona ndikuganiza kuti kodi madala amadziwa bwanji kuti ikulemedwa? Amamva ndi khutu. Ndiye kuti nambala ili m'phokosomo. Injini yathu ili ndi ma cylinder awiri, ndipo pokhala two-stroke, aliyense amaphulika kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Pa 5000 rpm ndiye kuti kuphulika ka 10,000 pa mphindi, komwe ndi pafupifupi 167 pa sekondi. Kulira kumene timamva ndi kumeneko.

M'mawa ndinaimba. "Bambo, madzulo mukamatuluka boti litadzadza, mutsegule throttle yonse, mng'ono wanga ajambule phokoso la injini pa voice note, masekondi makumi awiri." Anakhala chete, kenako akuti, "Injini ilankhule pa foni?" Kumbuyo ndimamva alovi akufa ndi phwete. Koma anachita.

Voice note ija ndinaitsegula mu Audacity, pulogalamu yaulere ya mawu, yomwe ili ndi Plot Spectrum yoonetsa ma frequency amene ali m'phokoso. Munali mafunde, mphepo, ndi wina akufunsa za fodya, koma nsonga inaoneka bwino pa 146. Kuchulukitsa ndi 30, 4380 rpm. Yatsika pansi pa 4500 imene buku limalola. Khutu la madala silinaname.

Tsopano ndinabwerera ku mabokosi anga kuti ndione amene akulondola pakati pa madala ndi makaniko. Poyamba ndinayesa maganizo a madala: ndinasiya injini ili ndi mphamvu zake zonse, n'kulemeretsa pulopela kuchoka pa -44 kufika pa -57. Gilafu inakhazikika cha pa 4380 rpm. Ndinadumpha pampando, ndimvekere madala awina, fizi yapulumuka. Foni inali kale m'manja. Koma china chinandiuza kuti yesanso za makaniko. Ndinabweza pulopela pa -44, n'kufooketsa injini kuchoka pa 21 kufika pa 16. Gilafu inakhazikika cha pa 4350.

Mizere iwiri ija inali pafupifupi chimodzimodzi. Injini yamphamvu yokoka pulopela yolemera, ndi injini yotopa yokoka pulopela yoyenera, zonse zimalira mofanana. Onse awiri amamva phokoso lomwelo, aliyense n'kulimasulira mwake. Ndivomere kuti ndinatsala pang'ono kungotumiza gilafu yoyamba ija basi, chifukwa ndi imene imandikomera ine. Ndikanatero ndikanakhala ndanamiza bambo anga ndi chithunzi chooneka ngati sayansi, ndipo iwo akanakhulupirira chifukwa chachokera kwa mwana wa ku koleji. Injini ikazima pakati pa nyanja usiku mwera utadzuka, pamakhala miyoyo ya anthu khumi.

Chimene mabokosi aja anandithandiza n'chakuti anandionetsa choti tiyese. Ngati vuto ndi pulopela, kuika yoyenera kubweza injini cha pa 5000. Ngati vuto lili mkati, pulopela yoyenerayo siifikitsa pamenepo. Kuyesa kumeneku n'kwaulere, kumangofuna sipanala ndi mnansi wamtima wabwino.

Ndinafunsa mng'ono wanga kuti awerenge manambala odindidwa pa mapulopela onse awiri. Yothyoka ija inali 9¼ x 9, yogulayo 9¼ x 11. Nambala yomalizayo ndi pitch, mtunda wa mainchesi umene pulopela ikanayenda pa kuzungulira kumodzi ikanakhala ngati sikuluwu yolowa m'thabwa. Pitch yaikulu ili ngati giya yapamwamba pa njinga: pa boti lopepuka imathamanga, koma pa boti la matabwa lonyamula chilimira chonyowa zili ngati kukwera chitunda ndi thumba la chimanga osatsitsa giya. Wogulitsa sananame, pulopelayo imalowa bwino pa shafiti. Kungoti palibe anayang'ana nambala.

Madala anabwereka ya 9 kwa mnzawo, n'kutuluka ndi katundu yemweyo ndi anthu omwewo. Voice note yachiwiri inafika cha m'ma 7 usiku. Ndisanaitsegule n'komwe mu Audacity ndinamva ndekha kuti mawu akwera. Nsonga inali pa 163, ndiye kuti 4890 rpm.

Sinafike 5000, ndipo ndinawauza madala mosabisa kuti mwina makaniko ali ndi mbali yake, injiniyo yagwira ntchito zaka zambiri. Mabokosi anga asanu sangathe kuweruza pamenepo. Mulibe thupi la boti, mulibe mafunde, ndiponso injini yeniyeni siitulutsa torque yofanana pa liwiro lililonse monga ConstantTorque imachitira. Tinagwirizana kuti makaniko ayeze compression mwezi ukawala, nthawi imene kauni amapuma, tione ngati ma ring angadikire mpaka chaka chithe.

Nditamaliza kufotokoza zonsezi, ma rad/s ndi magilafu anga, madala anangoti, "Ndiye masiku atatu onsewa kompyuta yakoyo yapeza zimene ndinakuuza tsiku loyamba?" Ndinati, "Eya bambo, koma tsopano tili ndi nambala." Akuti, "Chabwino. Fizi ndikutumizira Lachisanu."

Panopa ndikuyesa kuwonjezera boti lenilenilo pogwiritsa ntchito gawo la Translational, kuti ndione kusiyana kwa ulendo wopita ndi wobwerera usipa utadzadza. Chikundivuta ndi kulemera kwa boti, poti palibe amene analiikapo pa sikelo. Amene muli ndi achibale okhoma maboti, ndifunsireniko kutalika, kufupika ndi kunenepa kwa matabwa amene amagwiritsa ntchito, ndiwerengera ndekha. Fulashi ya OpenModelica ndibwera nayo pa holide, amene ali ndi laputopu andipeze kudoko m'mawa maboti akamakocheza. Ndipo amene injini yanu ikulira mokayikitsa, tumizani voice note ya masekondi makumi awiri, throttle yonse, boti litadzadza. Mundiuzenso ngati ndi ya ma cylinder awiri, ndipo alovi akhale kaye chete pojambulapo.