Kanyali kofiira sikapulumutsa firiji

Anyamata akunyanja, werengani iyi musanataye ndalama ngati mmene ndinatayitsira bambo anga.

Chaka chatha madala anagula deep freezer ndi ndalama za usipa, kuti chambo chikasowa ogula tisamagulitse motaya. Poti ine ndimakonza mainjini a maboti, pakhomo amanditenga ngati katswiri wa chilichonse chokhala ndi waya. Ndinapita pa Boma, kugula extension yolembedwa kuti surge protector, ya kanyali kofiira, n'kuwauza kuti, "Bambo, apa musadandaule."

Mu January madzulo ena magetsi anafooka, mababu kumangoyaka ngati koloboyi. Firiji inayamba kung'ung'udza, kenako zii. Kompuresa yapsa, kanyali kaja kali chiyakire. Bambo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga chija chimateteza chiyani?" Ndinasowa poyang'ana. Chambo chonse tinachezera kuwamba usiku womwewo.

Yankho ndinakalipeza ku Chembe, ku Cape Maclear, atandiitana kukaona jenereta pa campsite ina. Alendo amadandaula kuti machaja awo akutentha, chonsecho ena anabwera ndi ma surge protector awo. Nditayeza ndi multimeter, jenereta imatulutsa pafupifupi 270 volts, pomwe zipangizo zathu kuno zimafuna 230. AVR, kachipangizo kowongolera voltage, inali itafa. Ndinabwerera kunyumba n'kukamasula extension yanga ija kuti ndione zamkati.

Nkhani yake ndi iyi. Mkati mwa surge protector muli kanthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo, dzina lake MOV. Ntchito yake ndi kumeza mphamvu yomwe yalumpha kwambiri kwa kanthawi kosakwana n'kuphethira komwe, monga mphenzi ikagwa chapatali n'kudzera m'mawaya. Pamenepo kamathandizadi. Koma voltage ikatsika, kapena ikakwerako n'kukhala choncho mphindi zingapo, iko sikamva kanthu. Komanso kamatha mphamvu kakamenyedwa kangapo, ndipo pa ma extension otchipa nyali imayakabe. Soketi ikakhala yopanda waya wa earth, chitetezonso chimachepa.

Ndiye chitani izi, achimwene. Pa firiji ikani fridge guard, pa TV ikani TV guard. Zimenezi zimadula magetsi akatsika kapena akakwera kwambiri, ndipo akabwerera zimadikira kaye zisanayatse. Jenereta muziyiliza yokha ikhazikike, kenako n'kulumikiza katundu, ndipo chotsani katunduyo musanaizimitse. Kukayamba ziphaliwali zulani mapulagi pamodzi ndi waya wa dish, chifukwa mphenzi ikagwa pafupi palibe guard yoimitsa.

Kompuresa yatsopano ndikulipira ndekha, pang'onopang'ono, injini iliyonse ndikakonza. Bambo akuti ndisiye, koma amene ananena kuti musadandaule ndine.

Tumizirani aliyense amene ali ndi firiji kudoko kwanuko.