UMBONI WANGA: NDINALI NDI ANA ANAYI KOMA NDINKAPEMPHERA NGATI WOPANDA MWANA

 Lero ndilemba zazitali, ndiye a bandulo yochepa pepani, koma werengani mpaka kumapeto. Nkhaniyi ndaisunga zaka ziwiri. Mayi busa andilola kuti ndiinene, mwana wathu wachisamba nayenso wandilola. Akanakana sindikanalemba.

Ambiri mukudziwa kuti kunyumba tili ndi ana anayi, onse aakazi. Chimene simukudziwa n'choti ine abusa anu, amene ndimaima kutsogolo n'kumati mwana aliyense ndi mphatso, mumtima ndinkawerenga zina. Ndinkati ndili ndi atsikana anayi, mwana sanabwere.

Ine kwathu ndi ku Mzimba, ngakhale ndinakulira ku Lilongwe kuno. Kwathu timalowola, ana amakhala a kwa bambo, ndipo dzina limayenda ndi mwana wamwamuna. Mayi busa ndi a ku Dedza, komwe mwana wamkazi ndiye mbumba, ndiye mudzi. Ndiye taonani zimene zinkachitika. Mtsikana akabadwa, apongozi a ku Dedza nthungululu, ati mudzi wakula. Ndikaimba foni ku Mzimba, azakhali amangoti, "Chabwino, Mulungu adzapatsanso." Mwana mmodzi yemweyo, uku chikondwerero, uku chipepeso. Wachinayi atabadwa, azakhali anandiitanira kuseri pa maliro ena n'kunena kuti, "Mwana wanga, bambo ako anabereka mwamuna mmodzi, iweyo. Dzina lawo lithere m'manja mwako?" Mawu amenewo ndinabwera nawo ku Lilongwe, ndipo sanandichoke.

Musaloze chala azakhali okha ayi. Inenso ndinali ndi zanga. Ndinkalota kamnyamata kovala suti, katanyamula Baibulo langa, kodzatenga utumiki ndikadzakalamba. Ndinasala kudya. Ndinakwera phiri la Bunda kukagona komweko. Dzina ndinasankhiratu mwana asanakhalepo. Zonsezi ndinkazitcha chikhulupiriro.

Mu 2023, mayi busa ali ndi zaka 38, ndinaona kanema pa Facebook pomwe pano wa chipatala china chakunja. Ankati angathe kukuthandizani kusankha mwana wamwamuna kapena wamkazi. Ndinawalembera pa WhatsApp usiku, mayi atagona. Anayankha msanga, mwaulemu ndithu, n'kundiuza kuti tiyambe tayezetsa magazi ndi sikani kuno kwathu. Mtengo umene anatchula, kuphatikiza ndege ndi pogona, unkafuna puloti yathu yonse, ija tinaivutikira zaka 7, ndi ngongole pamwamba. Ndinayamba kusaka wogula mwakachetechete. Mayi ndinawauza nditalandira kale chikole. Limenelo ndi tchimo langa, ndipo ndikulivomera pamaso panu.

Mayi sanakane. Anangoti, "Abambo, ngati zimenezi ndi zimene zingakupatseni mtendere, tiyeni." Abambo anzanga, akazi athu akanena mawu amenewa timayesa avomera, pomwe angotopa.

Tinapita kwa dokotala wa amayi mu Lilongwe muno. Ndikufotokozereni mmene anatifotokozera, chifukwa ambiri timangomva kuti IVF osadziwa kuti n'chiyani. Njirayi si yatsopano. Mwana woyamba kubadwa mwa njira imeneyi, Louise Brown, anabadwa mu 1978 ku England. Mayi amabayidwa jakisoni tsiku lililonse kwa masiku pafupifupi 10 kapena 12 kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi, m'malo mwa limodzi la pamwezi lija. Kenako amamugoneka ndi mankhwala n'kutulutsa mazirawo ndi singano. Amawaphatikiza ndi mbewu ya bambo mu labu, ndipo akagwirana amakhala timiluza, chiyambi cha mwana. Pakatha masiku ngati 5 amatapako timaselo tochepa pa kamluza kalikonse n'kukayeza. Apo ndi pamene amaona ngati kali ndi vuto, komanso ngati ndi kamwamuna kapena kakazi. Kamene mwasankha ndi kamene amakaika m'chiberekero.

Ine ndinangoti aleluya chamumtima. Koma adokotala anali asanamalize.

Choyamba ananena za msinkhu. Mkazi amabadwa ndi mazira ake onse, ndipo akapitirira zaka 35 amayamba kuchepa msanga, otsalawonso ambiri sakhala abwinobwino. Anati, "Abusa, pa zaka 38 mutha kugulitsa puloti, mayi n'kubayidwa majakisoni onse, n'kubwerako opanda kamluza kamwamuna kathanzi ngakhale kamodzi. Kakapezekanso, si nthawi zonse kamagwira." Anatikumbutsanso kuti ana awiri omaliza anabadwa pa opareshoni, ndiye mimba ina inali ndi chiopsezo chake. Ine ndinali nditawerengera ndalama ya ndege, ya hotelo, ya chakudya. Thupi la mkazi wanga sindinaliwerengere.

Chachiwiri anatenga pepala n'kulemba X ndi Y. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X. Mbewu ya bambo ndi imene ina imanyamula X, ina Y. X akakumana ndi X, mtsikana. X akakumana ndi Y, mnyamata. Anati, "Chimene chimasiyanitsa chimachokera kwa inu abambo, ndipo inunso simuchilamula." Abale, izi ndinaphunzira ku sekondale, ndinalembanso pa mayeso, koma zinatsalira m'kope. Ndinacheuka kuyang'ana mayi busa. Zaka 16 akumva kuti mkazi ameneyu amangobereka akazi, ine ndili pomwepo, osawayankhira ngakhale tsiku limodzi. Iwo anangoyang'ana pansi.

Chachitatu ananena za timiluza totsala. Timasungidwa mozizira kwambiri inu n'kumalipira chaka ndi chaka, kapena timaperekedwa kwa ena, kapena timatayidwa. Wosainira ndinu makolo.

Sabata yomweyo mlongo wina wa mumpingo wathu, amene ndi namwino ku Britain, anandiuza kuti kumeneko lamulo sililola kusankha pongofuna. Amalola pokhapokha m'banjamo muli matenda otengera amene amagwira kwambiri ana aamuna, monga aja oti magazi sagwirana munthu akavulala. Ku America ndi kumene zimaloledwa. Ku India anachita kuika lamulo mu 1994 loletsa kuuza makolo ngati mwana wam'mimba ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa mimba za atsikana zinkachotsedwa. Ndinamva zonsezi. Mukuganiza kuti ndinasiya? Ayi. Munthu akafuna chinthu amapeza vesi. Ndinati Mulungu ndi amene anapatsa madokotala nzeru, basi.

Tsono usiku wina magetsi atazima, tili kuchipinda, mayi anandifunsa mofatsa. "Abambo, tiyerekeze apeza timiluza tisanu, tinayi takazi, kamodzi kamwamuna. Tinayi tija mudzasainira zotani?" Ine ndinayankha kuti, "Mayi, amenewo si ana, ndi timaselo chabe." Ine amene ndinalalikirapo kuti Mulungu anamudziwa Yeremiya asanamuumbe m'mimba! Mayi anati, "Awa agona uko anayambanso choncho. Adokotala akanakufunsani nthawi imeneyo, mukanasiya uti?"

Ndinalibe yankho. Ndinatembenukira kukhoma.

Nyumba yathu ilibe siling'i, mawu amadumpha chipupa. M'mawa mwana wathu wachisamba, nthawi imeneyo ali Fomu 3, anabweretsa tiyi, n'kugwada, osachoka. Ndinati, "Bwanji?" Iye anati, "Adadi, musagulitse puloti. Ndizilimbikira sukulu, ndidzachita zonse zimene mwana wamwamuna akanakuchitirani. Ndikadzakwatiwanso dzina lanu sindidzasintha."

Okondedwa, ndaikapo maliro ambiri osagwetsa msozi. Tsiku limenelo ndinalira mwana akuona. Mwana wanga ankapepesa chifukwa chobadwa wamkazi, ndipo amene anamuphunzitsa kupepesa sanali azakhali a ku Mzimba. Ndinali ine, ndi mapemphero anga ofuula aja, amene ankawamva usiku uliwonse kudutsa chipupa chomwecho.

Tiyi uja sindinamwe. Ndinatsegula Baibulo pa Machitidwe 21, ndime imene ndinaiwerengapo kambirimbiri osaiona. Filipo mlaliki anali ndi ana aakazi anayi, ndipo onse ankanenera. Anayi, ngati anga. Luka sanalembe kuti Filipo anali wosowa kanthu. Ndinapitanso pa Numeri 27, pa ana aakazi asanu a Zelofehadi, amene anaima pamaso pa Mose kuti dzina la bambo awo lisafafanizike chifukwa choti analibe mwana wamwamuna, ndipo Mulungu anawavomereza n'kulamula kuti apatsidwe cholowa. Funso la azakhali lija linayankhidwa kale m'chipululu, ine n'kumalifunafuna pa WhatsApp.

Ndinaimbira wogula uja n'kumubwezera chikole chake. Anakhumudwa, ndipo anali ndi chifukwa. Nambala yakunja ija ndinaifufuta. Madzulo ndinagwada pamaso pa mayi busa, inde, Mngoni kugwadira mkazi, n'kupepesa za zaka 16 zija. Sanandiyankhe tsiku lomwelo, ndipo sindinawakakamize. Atsikana ndinawaitana mmodzimmodzi n'kuwauza kuti palibe amene anabwera m'malo mwa wina.

Pa Khirisimasi tinapita tonse ku Mzimba. Ndinakhala ndi azakhali pakhonde n'kuwajambulira X ndi Y pansi ndi kamtengo. Anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye vuto ndi iweyo?" Ndinati, "Eya, ngati vutolo lilipo." Anaseka mpaka kutsokomola. Sindinganene kuti anasinthiratu maganizo, koma kuyambira tsiku limenelo sanamunenenso mpongozi wawo.

Ndikudziwa ena mukudikira kuti ndinene kuti patatha chaka Mulungu anatipatsa mnyamata. Ayi. Ana akadali anayi, ndipo tinagwirizana kuti basi. Pa puloti paja pali maziko. Nthawi zina ndikadalitsa khanda lamwamuna kutchalitchi, kamtima kaja kamabwerabe, sindikunamizani. Koma tsopano ndimakadziwa dzina lake, ndipo sindikatchanso chikhulupiriro.

Mundimvetse bwino. Sindikunyoza IVF, sindikunyoza madokotala. Mumpingo mwathu muli mabanja amene akhala zaka zambiri opanda mwana, ndipo misozi yawo ndimaidziwa. Inu pitani kuchipatala, pitani nonse awiri, abambonso mukayezetse, ndipo ine ndidzapemphera nanu popita ndi pobwera. Pali amene m'banja mwawo muli matenda otengera aja, amenewonso nkhani yawo ndi ina. Ine sindinkafuna mwana, ndinali nawo. Sindinkathawa matenda. Ndinkafuna kukonza zimene ndinkaganiza kuti Mulungu analakwitsa kanayi.

Bambo amene mukuwerenga, ngati muli ndi atsikana okhaokha, kapena anyamata okhaokha, dzifunseni kuti ana anu amamva zotani mukamapemphera. Ngati abale anu amanena mkazi wanu inu muli chete, usiku uno mupepeseni. Mayi amene mwakhala mukusenza mlandu umenewu, si wanu, tulani. Ndipo iwe mtsikana amene unamvapo kuti ankayembekezera mwamuna, kumwamba sanadabwe tsiku limene unabadwa.

Atate, tikhululukireni pamene tinawerenga mphatso zanu n'kumati zaperewera. Chiritsani nyumba zimene nkhaniyi yazigawa, m'dzina la Yesu. Amen.

Lamulungu tikumane 8 koloko. Mubwere ndi ana anu onse.