Ku Mathare, wilibala nayo imagoletsa chigoli

Loweruka lina m'mawa ndidakwera minibasi pakatikati pa mzinda wa Nairobi, m'dziko la Kenya. Kumeneko maminibasi amawatcha matatu, koma kukuwa kwa makondakitala ake sikusiyana ndi kwa pa depoti ya ku Limbe. Tidatsata msewu wa Juja Road kulowera kumpoto chakum'mawa, ndipo posakhalitsa ndidatsika pamalo pomwe nthaka imatsetsereka mwadzidzidzi. Kumunsiko kudali chigwa chodzaza ndi madenga a malata adzimbiri, othithikana ngati mamba a nsomba. Pakati pake pankadutsa mtsinje wa madzi akuda. Apa ndiye pa Mathare, amodzi mwa malo akale kwambiri okhala anthu osauka mumzindawu. Kale pamalopa pankakumbidwa miyala yomangira nyumba za m'tauni.

Ku Nairobi ndidapitira msonkhano wa kuntchito, koma ku Mathare chidanditengera ndi chilonda cha kumudzi kwathu. Chaka china chisankho chitayandikira, mkulu wina wofuna uphungu adaika chikho choti matimu a m'midzi yathu alimbirane. Adagula mipira ndi mayunifomu, ndipo anyamata adasangalala kwambiri. Koma masewero otsiriza sadathe. Mbali ina idati anzawo abweretsa abambo andevu m'timu ya ana, inayo idati woyimbira ndi mlamu wa kochi. Zibakera zidabuka, ndipo mwana wa mlongo wanga adabwera kunyumba atathyoka dzino. Chisankho chitadutsa, mipira idaphulika, mayunifomu adasanduka zovala zolimira, ndipo pabwalo padamera nsonthi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa chomwe chimachititsa kuti mpira wa achinyamata ukhalitse kwina pomwe kwathu umafa ndi nyengo imodzi.

Ku Mathare kuli bungwe lotchedwa Mathare Youth Sports Association, mwachidule MYSA, lomwe lidayamba mchaka cha 1987. Adaliyambitsa ndi Bob Munro, mzika ya ku Canada yemwe ankagwira ntchito yolangiza za chilengedwe ku Nairobi, pamodzi ndi achinyamata a m'chigwachi. Munro adapeza ana akumenya mpira wachikulunga, womangidwa ndi majumbo ndi zingwe, ngati womwe tonsefe tidakulira. Adavomera kuwathandiza kukhazikitsa ligi, koma adapangana nawo mfundo imodzi yomwe idakhala maziko a bungweli: mukachitapo kanthu, bungwe nalo lichitapo kanthu, mukakhala manja lende, bungwe nalo likhala chete. Munro adamwalira mu Januwale 2025, koma ligi yomwe adayambitsa ikuseweredwabe.

Wondiperekeza adali mnyamata wa kusekondale yemwe amaphunzitsa timu ya ana a zaka zosapitirira 12, pomwe iye mwini amasewera m'timu ya akuluakuluko. Tikutsika kanjira kopapatiza, kuwoloka ngalande pamatabwa, adandifotokozera momwe timu imabadwira. Palibe bwana amene amachoka ku ofesi kudzasankha osewera. Ana okhala moyandikana amasonkhana okha, amapatsa timu yawo dzina, amasankha kaputeni, amapeza wowaphunzitsa, kenaka amakalembetsa kwa atsogoleri a chigawo chawo. Timu iliyonse imalowa m'gulu la msinkhu wake, kuti mwana wa zaka 11 asalimbane ndi mnyamata wa zaka 17. Anyamata ali ndi ligi yawo, atsikana nawo yawo.

Dera lonse lidagawidwa m'zigawo. M'zaka za m'ma 2000 zigawozi zidali 16, zofika kumadera ena osauka a kum'mawa kwa Nairobi monga Huruma, Dandora ndi Kayole, ndipo matimu adali atapitirira 1,000. Nzeru ya zigawo ndi yapafupi: mwana wopanda ndalama ya minibasi azitha kufika kubwalo wapansi. Chigawo chilichonse chimayendetsa ligi yake kudzera m'komiti yosankhidwa ndi matimu omwewo, ndipo nthumwi za m'zigawo ndi zomwe zimakakhala m'makhonsolo a bungwe lonse. Makochi, oyimbira ndi okonza ndandanda ya masewero, ambiri mwa iwo ndi achinyamata ongodzipereka. Lamulo likaphwanyidwa, wolakwa amakaonekera pamaso pa anzake omwe adawasankha yekha, ndipo sanganene kuti lamulolo lidachokera kwa alendo.

Tisanafike kubwalo tidapeza gulu la ana pafupifupi 20 lili m'ngalande. Ena adali ndi mafosholo, ena mareki, ndipo awiri ankasinthana kukankha wilibala yodzaza ndi matope onunkha, mabotolo ndi nsanza. Mtsikana wina wamkulupo adaima pambali ndi kope m'manja, kuchonga dzina la aliyense amene wabwera. Ndidaganiza kuti ndi ana a sukulu omwe apatsidwa chilango. Mnzanga uja adaseka, nandiuza kuti imeneyo ndi timu ya mpira ndipo ili pakati potolera mapointi.

Lamulo limeneli ndi lomwe lidatchukitsa MYSA. Timu ikamaliza ntchito yoyeretsa yomwe yapatsidwa, imalandira mapointi, ndipo mapointiwo amalembedwa pandandanda womwewo wa ligi, pamodzi ndi opeza popambana masewero. Choncho timu ya akatswiri ogoletsa zigoli, koma aulesi pa fosholo, ikhoza kupitiriridwa ndi timu yofookerapo pabwalo koma yakhama m'ngalande. Amene akufuna chikho sangathawe wilibala. M'chigwa ngati chimenechi nkhaniyi si yamasewera. Ngalande ikatsekeka, mvula ikangogwa madzi oipa amalowa m'nyumba, ndipo kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amatsatira. Mchaka cha 1992 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, UNEP, idapatsa bungweli mphoto ya Global 500 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Bwalo lomwe tidafikira lidali la dothi lofiira, lopanda udzu ndi umodzi womwe. Mizere adaijambula ndi phulusa. Ankasewera adali atsikana, ndipo woyimbira adali mtsikana mnzawo wosaposa zaka 16. Mpira uli mkati, wosewera wina adagwetsedwa pafupi ndi golo, ochemerera nayamba kukuwa kuti ikhale penate. Woyimbirayo adaloza kunja kwa bokosi, osatekeseka. Kudali kung'ung'udza, koma palibe adalowa m'bwalo. Ndidakumbukira dzino la mwana wa mlongo wanga. Kusiyana kwake sikudali kwakuti ana a ku Mathare ndi ofatsa kuposa athu. Iwo ankadziwa kuti dandaulo lili ndi kolitula masewero akatha, ndiponso kuti kuchita chipolowe kupweteketsa timu yawo yomwe.

Mpira wa atsikana udayamba m'bungweli mchaka cha 1992, ndipo sudayambe mophweka. Makolo ambiri ankaona kuti malo a mwana wamkazi ndi pamtondo ndi pakulera ang'ono ake, monga momwe ena amaganizirabe kwathu kuno. Padafunika kuyenda khomo ndi khomo, komanso kuika masewero pa nthawi yoti atsikana amalize ntchito zapakhomo ndi kubwerera kusanade. Mu 1994 bungweli lidayamba kuphunzitsa achinyamata ena kuti aziphunzitsa anzawo za kapewedwe ka Edzi, ndipo bwalo la mpira lidasanduka kalasi. Palinso mapointi a munthu payekha. Wodzipereka pa ukochi, kuyimbira kapena ntchito zina amawerengeredwa, ndipo ochita bwino amalandira mphoto ya utsogoleri. Ndalama ya mphotoyo simuika m'thumba: imapita kusukulu kukalipira fizi.

Zipatso zake zidaonekera ngakhale kunja kwa chigwa. Kuyambira mu 1990 matimu a MYSA adayamba kupita ku mpikisano wa achinyamata wa Norway Cup mumzinda wa Oslo. Mu 1994 padabadwa timu ya akuluakulu ya Mathare United, yomwe idatenga chikho cha dziko la Kenya mu 1998 ndi mu 2000, kenaka ligi yaikulu mu 2008 pansi pa kochi Francis Kimanzi, yemwe naye adakulira m'bungweli. Mu 2006 achinyamata a ku Mathare adapambana mpikisano wa mpira wa m'misewu mumzinda wa Berlin, pa nthawi ya chikho cha dziko lonse. Njira yawo idafikanso kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Kakuma, kumpoto kwa Kenya.

Komabe sindikufuna kukupatsani chithunzi chopanda banga. Ulendo wa kunja ukakhala mphoto, mayesero amakula. Mchaka cha 2012 bungwe la ku Norway la Strømme Foundation, lomwe lidathandiza MYSA kwa zaka zambiri, lidasiya kugwira nayo ntchito potsatira madandaulo okhudza kayendetsedwe ka zinthu, kuphatikizapo nkhani ya kunama zaka za osewera ndi ya chitetezo cha atsikana. Atsogoleri a MYSA sadagwirizane ndi zonse zomwe zidanenedwa. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti lamulo lolembedwa bwino silidzilondera lokha, ndipo pomwe pali wamkulu wogwira mwayi m'manja ndi mwana woufuna mwayiwo, pamafunika maso ambiri.

Ndiyeneranso kunena kuti wilibala ili ndi malire ake. Mu Epulo 2024 mvula yamphamvu idasefukiritsa mtsinje wa Mathare, anthu adafa, nyumba zidakokoloka, ndipo pambuyo pake boma lidagwetsa nyumba zambiri zomwe zidali m'mphepete mwa mtsinjewo. Ndidaona malo apululu pomwe kale padali makomo a anthu. Ana okhala ndi mafosholo sangalowe m'malo mwa khonsolo ya mzinda, ndipo si bwino kuti akuluakulu abisale kumbuyo kwawo. Chomwe ligi ingathe ndi kulera mbadwo wozolowera kusonkhana, kusankha atsogoleri, kusunga kaundula ndi kufunsa mafunso. Anthu otere ndi omwe mawa amakagogoda pakhomo la khonsolo.

Pobwerera m'matatu muja ndidatulutsa kope langa n'kuyamba kulemba zomwe tingatengeko kwathu. Kumudzi kulibe ngalande zotsekeka ngati za ku Mathare, koma ntchito zofuna manja ambiri zilipo. Pali pamjigo pofunika kulambula ndi kukonza ngalande yotayira madzi. Pali nazale ya mitengo yofunika kuthirira m'chilimwe. Pali zigwembe zomwe zikudya minda, zofunika kutseka ndi miyala ndi kubzalamo udzu wa vetiva. Pali kamlatho ka ana a sukulu, ndi denga la agogo omwe alibe wowafolerera. Zonsezi zikhoza kukhala ndi mapointi ake pandandanda wa ligi, bola pakhale munthu wokhulupirika wochonga maina, ndipo chiwerengero cha mapointi chigwirizanidwe ligi isanayambe.

Kwa inu alangizi ndi atsogoleri a magulu, ndinganene izi. Malamulo alembedwe ndi achinyamata eni ake pamsonkhano wa matimu onse, mafumu ndi makolo ali mboni, kenaka amatidwe pasukulu ndi pamsika. Zaka za wosewera zitsimikizidwe pa tsiku lolembetsa, pogwiritsa ntchito chiphaso cha kubadwa, buku la kusikelo kapena kaundula wa sukulu, osati kukanganirana pa tsiku la masewero otsiriza. Woyimbira asachokere m'mudzi wa timu iliyonse mwa ziwiri zomwe zikusewera. Madandaulo akhale ndi komiti yake ndi tsiku lake. Mipira ndi mayunifomu zikhale za ligi, zolembedwa m'buku, osati za kochi kapena za wopereka. Atsikana akamapita kukasewera kutali, amayi osankhidwa ndi makolo apite nawo. Ndipo ndandanda ya masewero ilemekeze munda: ligi iyambe zokolola zikalowa m'nkhokwe, ithe mvula yobzalira isanagwe.

Wofuna kuthandiza ndi mipira kapena chikho alandiridwe ndi manja awiri, kaya ndi wandale, wabizinesi kapena bungwe ngati lomwe ndimagwirako ntchito. Koma apeze ligi ili kale ndi malamulo ake, ndipo alowe m'malamulowo ngati wina aliyense. Chikho cha kwathu chija chidafa chifukwa mwini wake adali mmodzi, ndipo iye atachoka padalibe wotsala nacho. M'mera mpoyamba, adatero akale.

Nditafika kumudzi ndidaitana mwana wa mlongo wanga uja, yemwe tsopano ndi mnyamata wamkulu. Ndidamufotokozera za atsikana a pabwalo lofiira ndi za timu ya m'ngalande. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adafunsa kuti mipira ibwera liti. Ndidamuyankha kuti ayambe wasonkhanitsa anzake, asenge nsonthi pabwalo paja, ndipo abwere ndi kope lolembamo maina. Loweruka lotsatira ndidamva kulira kwa zikwakwa kuseri kwa sukulu.