Akazi a Fulk wa ku Anjou adalipo angati?

Mukafunsa kuti Fulk wachinayi wa ku Anjou adakwatira kangati, yankho limatengera buku limene mwatsegula. Lina likuti katatu, lina likuti kasanu. Munthu wake ndi mmodzi yemweyo, adabadwa m'chaka cha 1043 n'kumwalira mu 1109, koma akazi ake amachuluka n'kumachepa ngati madzi a pachitsime. Ine nkhaniyi yandidyera nthawi ndithu, mpaka anzanga ena amandiseka. Ati, "Iwe, maukwati a azungu akufa kalekale ukudya nawo chiyani?" Chimene chidandigwira n'chakuti wina ayenera kuti adafufutidwa m'kaundula, ndipo ndidafuna kudziwa kuti ndani, nanga chifukwa ninji.

Anjou ndi chigawo cha kumadzulo kwa dziko la France, m'mbali mwa mtsinje wa Loire, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Angers. Masiku amenewo mfumu ya France idalipo inde, koma mphamvu zambiri zidali m'manja mwa eni zigawo, amene udindo wawo unkatchedwa count kapena duke. Fulk adalanda mpando wa Anjou kwa mkulu wake Geoffrey mu 1068, namutsekera m'ndende kwa zaka 28. Anthu adamupatsa dzina loti le Réchin, limene ambiri amalimasulira kuti wandewu kapena wokwinya nkhope. Koma musamuone choncho mkuluyu. Mwana wake, Fulk wachisanu, adadzakhala mfumu ya Jerusalem mu 1131, ndipo mwana wa mdzukulu wake, Henry wachiwiri, adalowa ufumu wa England mu 1154. Tsono funso loti mwana uyu adabadwa kwa mayi uti silidali lamasewera ayi. Lidali funso la malo ndi mpando.

Ndidayamba ndi mwini wake, poganiza kuti wodziwa bwino za banja ndi amene adagona m'nyumbamo. Mu 1096 Fulk adalemba mbiri yaifupi ya banja lake m'Chilatini, chinthu chimene akuluakulu ankhondo a nthawi imeneyo sankachita kawirikawiri. M'menemo akunena poyera kuti zambiri adazimva kwa malume ake Geoffrey Martel, ndi kuti makolo ake oyambirira ali kutali kwambiri moti ngakhale manda awo sakuwadziwa. Mtima woona wotere ndidaukonda. Koma m'gawo limene lidatsala la mbiriyi, mkuluyu akukamba za nkhondo za makolo ake ndi za kubwera kwa Papa Urban wachiwiri ku Angers. Za akazi ake, zii.

Mboni yachiwiri ndi buku lotchedwa Gesta consulum Andegavorum, mbiri ya eni Anjou imene anthu a Mpingo adalemba n'kumaiwonjezera m'zaka za m'ma 1100. Ilo likutchula akazi atatu. Woyamba ndi mwana wa Lancelin wa ku Beaugency, amene mabuku ambiri amamutcha Hildegarde. Adabereka mwana wamkazi, Ermengarde, ndipo adamwalira cha m'ma 1070. Wachiwiri ndi mwana wa Archambaud wa ku Bourbon, nayenso dzina lake Ermengarde. Adabereka mwana wamwamuna, Geoffrey, kenaka Fulk adamusiya ponena kuti ndi mbale wake, mayiyo n'kukakwatiwa ndi mwini Jaligny. Wachitatu ndi Bertrade wa ku Montfort, mayi wa Fulk wachisanu. Mndandanda wosalala bwino, mkazi aliyense ndi mwana wake.

Mboni yachitatu ndi Orderic Vitalis, mmonke wa ku Saint-Evroult m'chigawo cha Normandy, amene adabadwa mu 1075 ndipo adalemba mbiri yake yaitali mpaka mu 1141. Orderic Fulk sankamufuna. Ndiye amene amatiuza kuti mkuluyu adali ndi mapazi opunduka ndipo adasoketsa nsapato zosongoka kutsogolo kuti abise, anyamata onse n'kutengera. Za ukwati wa Bertrade akufotokoza bwinobwino. Ati cha mu 1089 Robert, mwini Normandy, ankafuna Fulk amuthandize kukhazika mtima pansi anthu a ku Maine, ndipo Fulk adati malipiro ake akhale mtsikanayo. Malume a mtsikana, William wa ku Evreux, adayamba akana, kenaka adalola atabwezeredwa malo amene ankawalirira. Ndipo Orderic akuti pa nthawiyo akazi awiri a Fulk adali akali moyo.

Apa mpamene ndidaika pensulo pansi n'kuwerenga ndi zala. Ngati Hildegarde adamwalira kale cha m'ma 1070, pa mndandanda wa Gesta uja patsala mkazi mmodzi yekha amene akadakhala moyo mu 1089, wa ku Bourbon uja. Nanga wachiwiri wa Orderic ndani? Ndiye kuti mabuku awiriwa, ngakhale onse amaoneka ngati akunena atatu, sakunena atatu omwewo. Mukawaphatikiza mupeza anayi. Pali mayi wina amene Gesta idamudumpha.

Mayiyo adapezeka m'zikalata za amonke. Nyumba za amonke zinkasunga makalata a mphatso za minda, matchalitchi ndi mphero, ndipo mlembi ankalemba tsiku ndi mayina a mboni kuti mawa wina asadzakane. Chikalata china chotere chikunena kuti chidalembedwa tsiku limene Fulk adakwatira Orengarde, mwana wa Isembert wa ku Châtelaillon, malo a m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi La Rochelle. Akatswiri amaika ukwatiwu mu 1076, ndipo udatha cha m'ma 1080. Mlembiyo sankalemba mbiri ya munthu aliyense. Ankangofuna chizindikiro cha tsiku, monga mmene munthu amanenera kuti, "Ngongoleyi tidapanganirana tsiku la ukwati wa auje." N'chifukwa chake ndimamukhulupirira. Adalibe woti amusangalatse.

Wachisanu ndiye amandimvetsa chisoni. Ndi mwana wa Walter wa ku Brienne, kutali ku Champagne. Ukwati wake umadziwika kudzera pa mndandanda wa makolo wochokera ku Anjou, wosonyeza mmene iye ndi Fulk adaliri pachibale, ndipo olemba mbiri amaona kuti udakonzedwa pofuna kuthetsa banjalo. Taganizani: umboni woti mudakwatiwapo n'kukhala chikalata chokuchotserani pakhomo.

Kuti timvetse zimenezi tiyenera kudziwa lamulo la Mpingo la nthawi imeneyo. Kusudzula mkazi kudali koletsedwa. Koma kukwatirana pachibale kudalinso koletsedwa mpaka mibadwo isanu ndi iwiri, ndipo padapita zaka zambiri kuti msonkhano waukulu wa ku Lateran mu 1215 uchepetse kufika pa mibadwo inayi. Mabanja achifumu a ku France adali atakwatirana mobwerezabwereza, moti mukakumba mibadwo isanu ndi iwiri pafupifupi aliyense adali mbale wa mnzake. Ndiye mwamuna ngati Fulk, mkazi akamukola kapena ubale ndi apongozi ukasiya kupindula, ankangoitanitsa wodziwa mizere ya makolo, chibale n'kutulukira. Pokwatira sichinkaoneka, pofuna kusiya ndiye chinkaoneka bwinobwino. Apa ndidaphunzira kuti mndandanda wa makolo suli wopanda mbali. Pali amene adaulamula, ndipo adali ndi chimene ankafuna.

Nanga Gesta idawasiyiranji awiriwa? Maganizo anga ndi awa. Olemba bukuli ankalembera ana ndi adzukulu a Fulk, ndipo ankatsata mzere wa mpando. Akazi atatu amene adawatchula onse adasiya ana otchuka: wina adakalamulira Brittany, wina adali wolowa m'malo mpaka adaphedwa ndi muvi pa nkhondo ya ku Candé mu 1106, wina adakhala mfumu. Orengarde ndi wa ku Brienne uja sadasiye mwana wotere. Olembawo sadaname kwenikweni. Iwo ankawerenga amayi a olowa nyumba, Orderic ankawerenga akazi amoyo pofuna kuonetsa tchimo la Fulk, ndipo mlembi wa chikalata ankangolemba tsiku. Mukadziwa chimene aliyense ankawerenga, mkangano wambiri umatha wokha.

Koma sikuti mkangano uliwonse umatha mwamtendere chonchi. Pena mmodzi amakhala kuti walakwa basi. William wa ku Tyre, arkiepiskopi wophunzira kwambiri amene adabadwira ku Jerusalem cha m'ma 1130, adalemba mbiri ya ufumu wa Jerusalem, ndipo atafika pa mfumu Fulk wachisanu adafotokoza za kwawo. Iye akuti Ermengarde, mlongo wa mfumuyo, adali mwana wa Bertrade, ndi kuti adayamba wakwatiwa ndi William wa ku Poitiers, mwini Aquitaine, woimba nyimbo zachikondi wotchuka uja, amene adamunyoza n'kumusiya, asadakakwatiwe ku Brittany. Kwa zaka mazana ambiri mabuku akhala akukoperana nkhaniyi.

Tiyeni tiiyese. Bertrade adalowa m'nyumba ya Fulk cha mu 1089. Ermengarde adakwatiwa ndi Alan wachinayi wa ku Brittany cha mu 1093, ndipo mwamuna wake atapita ku nkhondo ya ku Jerusalem mu 1096 adatsala akuyang'anira dziko. Eti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wokwatiwa kale kawiri, n'kumayang'anira dziko? Sizikugwira. Apa William wa ku Tyre adaphonya mayi. Tsono ngati adaphonya mayi, za mwamuna woyamba uja tizimukhulupirira chifukwa chiyani? Mu 1993 katswiri wina, Ruth Harvey, adafufuza nkhaniyi naonetsa kuti palibe wolemba wa nthawi ya Ermengarde amene amatchula ukwati umenewu. Mizu yake ikubwerera kwa William wa ku Tyre. Kuwonjezera apo awiriwa adali pachisuweni, poti mayi wa William wa ku Aquitaine adali mlongo wa Fulk, mimba imodzi koma bambo wina. Aepiskopi amene ankawerenga chibale mpaka mibadwo isanu ndi iwiri akadakhala chete pa ukwati wa asuweni? William wa ku Aquitaine adakwatira Philippa wa ku Toulouse mu 1094, ndipo ameneyo ndiye zikalata zimamudziwa. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. William wa ku Tyre ankalemba patapita zaka pafupifupi 80, ali tsidya lina la nyanja.

Mayina nawonso amasokoneza zedi. Mayi wa Fulk adali Ermengarde, mkazi wake wachiwiri Ermengarde, mwana wake Ermengarde, ndiye pabwerenso Orengarde. Mkazi woyamba Hildegarde, mlongo wake Hildegarde. Mmonke wokopera ndi dzanja, maso atatopa, akadatha kuphatikiza awiri kukhala mmodzi. Zaka nazo sizinkayamba tsiku limodzi: ena ankayamba chaka pa Khirisimasi, ena pa 25 Malichi, ena pa Pasaka, moti chikalata cha mu Januwale chikhoza kuoneka ngati chasemphana ndi chinzake ndi chaka chathunthu pamene onse akunena tsiku limodzi.

Ndiye ine ndimatsata njira iyi. Ndimafunsa kuti wolemba adali kuti ndipo adalemba liti. Ndimafunsa kuti ankalembera yani. Ndimakonda mboni imene yatchula nkhani modutsa kusiyana ndi imene yabwera itakonzeka. Ndimawerenga zaka za mayi ndi mwana ndi zala. Ndipo sindiwerenga kuchuluka kwa mabuku, chifukwa mabuku makumi awiri okoperana ndi mboni imodzi yokha. Ntchito yaikulu yosonkhanitsa zolembedwa zimenezi adaigwira Louis Halphen, amene adatulutsa buku lake la mbiri ya Anjou mu 1906, ndipo mu 1913 iye ndi René Poupardin adasindikiza mbiri zakale za banjali pamodzi.

Bertrade yekha ndi amene sadadikire kuti awerengeredwe chibale. Mu 1092 adachoka kwa Fulk n'kupita kwa Philip woyamba, mfumu ya France, amene adasiya mkazi wake Bertha wa ku Holland. Apanso mboni zikusiyana: ena akuti mfumu idamulanda, koma Orderic akuti mayiyo ndiye adatumiza uthenga, poopa kuti amutaya monga adatayira anzake aja. Mfumu adaichotsa mu Mpingo ku Autun mu 1094, ndipo Papa Urban adabwereza chilangocho ku Clermont mu 1095. Chodabwitsa n'chakuti mu 1106 Philip ndi Bertrade adakacheza ku Angers, Fulk n'kuwalandira ndi ulemu wonse. Poti adachita zaphokoso, aliyense adamulemba. Anzake amene adachoka mwakachetechete ndi amene tikuwasaka ndi nyali.

Papepala langa tsopano pali akazi asanu: Hildegarde wa ku Beaugency, Ermengarde wa ku Bourbon, Orengarde wa ku Châtelaillon, mwana wa Walter wa ku Brienne, ndi Bertrade wa ku Montfort. Awiri apakatiwo ndawalemba ndi zilembo zazikulu mofanana ndi anzawo, ngakhale umboni wawo ndi wochepa, ndipo pambali pa dzina lililonse ndalemba amene akuchitira umboni. Ermengarde wa ku Brittany, amene adamwalira mu 1146, ndamulembera mayi wake weniweni ndi mwamuna mmodzi, Alan. Anzanga ondiseka aja ndimawauza kuti mayi ameneyu adasenzetsedwa manyazi a kusiyidwa ukwati kwa zaka zoposa 800 kaamba ka ndime imodzi ya munthu wolemba ali kutali. Wina akadzandionetsa chikalata cha nthawi yake chotsutsa zimenezi, pensulo ndili nayo.