Mboni ya pa 10 Rillington Place

Nkhani ya John Christie imandisowetsa mtendere. Mu 1950, ku London ananyonga Timothy Evans, dalaivala wosadziwa bwino kuwerenga, ati anapha mwana wake wamkazi. Mboni yaikulu ya boma anali Christie, yemwe ankakhala naye nyumba imodzi pa 10 Rillington Place. Khoti linamukhulupirira, poti mkuluyu anagwirapo ntchito yaupolisi nthawi ya nkhondo.

Mu 1953, wochita lendi wina anapeza mitembo itatu ya akazi kuseri kwa khoma la kukhitchini kwa Christie. Apolisi anafukulanso ina itatu, umodzi wa mkazi wake yemwe. Christie nayenso ananyongedwa ku ndende ya Pentonville, wonyonga wake yemwe uja ananyonga Evans, Albert Pierrepoint.

Evans anadzamukhululukira mu 1966, atatha zaka 16 ali m'manda. Kumukhululukira atalakwa chiyani?