Usiku wa Milamba

Ndinakulira kufupi ndi Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh. Agogo anga aamuna anali msodzi wosadziwa kuwerenga kalendala, koma nyengo sinali kuwaphonya. Mvula yoyamba ikagwa, inswa zikatuluka, achule akayamba kulira usiku wonse, iwo ankayang'ana Shire nanena kuti, "Madzi afiira, milamba ili pafupi kukwera."

Chaka china, m'mwezi wa Disembala, madzi anasefukira m'maudzu usiku. Ine ndi anzanga tinatenga miuni ndi zikwanje. Milamba inali piringupiringu m'madzi olekeza m'akakolo, yosathawa ngakhale pang'ono. Tinatema mpaka madengu kudzaza. M'mawa amayi potumbula nsombazo, pafupifupi iliyonse yaikulu inali ndi mimba yodzaza mazira. Ndinayembekeza chiyamiko, koma agogo anangogwira kukamwa. Kenaka anati, "Mdzukulu wanga, wadya chakudya cha chaka chamawa."

Tanthauzo la mawuwo ndinalimvetsa nditakula. Mlamba suswana chisawawa. Umadikira kuti madzi afunde ndi kukwera, ndipo usiku umapita m'malo osaya kukaikira mazira amene amamatirira ku udzu. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, tiana timatuluka ndi kupeza chakudya ndi pobisala m'maudzu omwewo. Ife tinapha amayi pa tsiku lawo lochira.

Madzi a Shire amalowa mu Zambezi nakathera m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean. M'nyanja zofunda zotere mumakhala makorali, tizilombo ting'onoting'ono tokhala m'magulu, timene timamanga matanthwe pansi pa madzi. Popeza sitiyenda, sitingafunefune tinzake. Nanga timaswana bwanji? M'chaka cha 1981 akatswiri a ku Australia anaona zodabwitsa pa matanthwe a Great Barrier Reef: mitundu yambiri ya makorali inatulutsa mazira ndi mbewu yachimuna nthawi imodzi. Kumeneko izi zimachitika pakati pa Okutobala ndi Disembala. Kufunda kwa madzi kumakhwimitsa mazira, mwezi ukaoneka wathunthu pamapita masiku owerengeka, ndipo mdima wa dzuwa litangolowa ndiwo umatsegula khomo. Kutulutsira pamodzi kumathandiza kuti mazira akumane ndi mbewu, ndiponso kuti nsomba zisathe kuwadya onse. Nditawerenga izi ndinakumbukira agogo. Korali ndi mlamba sizidziwana, koma zonse zimamvera zizindikiro.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti zizindikirozo zayamba kusokonekera. Nyanja ikatentha mopitirira, makorali amayera ndi kufa, monga zinachitikira m'madera ambiri mu 1998 ndi 2016. Magetsi a m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja nawo amasokoneza mdima umene makorali amadikira. Kwathu kuno madzi amene kale ankakwera pang'onopang'ono anadza ndi ukali mu Januwale 2015, anadzanso ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, nasiya mchenga m'minda ndi m'madambo. Mitengo ya m'mapiri tinaidula, ndipo dothi limatsika ndi madzi kudzakwirira malo oswanirana nsomba.

Mu 2017 dambo la Elephant Marsh linalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Koma pangano lolembedwa papepala silingagwire dzanja la mnyamata wonyamula chikwanje usiku. Namondwe sindingamuletse, koma dzanja langa ndingaliletse. N'chifukwa chake madzi akafiira ndimauza ana anga kuti asiye milamba ikwere. Agogo anapita kale, koma mawu a akulu akoma akagonera.